Mkangano wa Ndeke Zotera Pamadzi: Kodi Nyanja ya Onse Itsekedwe?

Pa 31 December 2011 linali tsiku lomaliza limene ndeke zinaloledwa kutera pa nyanja ya Lows Lake, m'cigawo ca New York ku America. Kucokera pamenepo aliyense wofuna kufika pakati pa nyanjayo ayenera kupalasa bwato kwa maola ambiri, ndi kusenza bwatolo paphewa pamene akumana ndi damu. Amene ali ndi mphamvu akondwera. Okalamba ndi olemala atsala kunyumba.

Ndeke zimene tikunenazi zilibe mawilo. Pansi pace pali timabwato tiwiri tacitsulo timene timayandama, kotero kuti nyanja kapena mtsinje wodekha ndiwo bwalo lace. Si zacilendo kweni-kweni kwa ife. Pakati pa 1948 ndi 1950 ndeke zazikulu za kampani ya BOAC, zimene thupi lace lonse linali ngati ngalawa, zinali kutera pa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya paulendo wocokera ku Britain kupita ku Johannesburg. Masiku ano zambiri ndi zazing'ono, zonyamula anthu owerengeka.

MMENE CILETSO CINADZERA

Lows Lake iri m'nkhalango yosungidwa ya Adirondack Park, imene inakhazikitsidwa mu 1892 ndipo iri ndi maekala pafupi-fupi mamiliyoni 6. Malamulo a cigawoco a 1894 amanena kuti malo a boma a m'nkhalangoyo akhale thengo mpaka kale-kale. Mu 2003 boma linalinganiza kuti ndeke zileke kutera pa nyanjayo pakapita zaka zisanu. Nthawiyo itakwana ciletso cisanaikidwe, mabungwe oteteza cilengedwe anapita kukhoti mu 2008. Mu 2009 akulu-akulu a nkhalangoyo anagamula kuti ndeke zipitirize mwa cilolezo kufikira kumapeto kwa 2011 basi. Zofananazo zinacitika m'cigawo ca Oregon, kumene mu 2013 nyumba ya malamulo inatseka nyanja ya Waldo Lake kwa ndeke ndi mabwato a injini zamafuta.

Ofuna ciletso ali ndi zifukwa zao, ndipo si zacabe. Coyamba ndi phokoso. Munthu amene wapalasa tsiku lonse kufunafuna malo abata sakondwa pamene ndeke itera pafupi ndi msasa wace. Caciwiri ndi udzu wacilendo wa m'madzi, umene umakola pa timabwato ta ndeke ndi kukamera ku nyanja ina. Amene anaona mmene udzu unaphimbira madzi a Kariba damu litangomangidwa adziwa kuti bvuto limeneli si lamasewera.

AMENE ATSUTSA

Koma oyendetsa ndeke, pamodzi ndi bungwe lao la Seaplane Pilots Association limene linayamba mu 1972, amatsutsa kuti kutseka ndiko mankhwala ace. Iwo amati nyanja ya boma ndi ya nzika zonse, ndipo sikuyenera kuti njira imodzi yokha yofikirako ndiyo iloledwe. Amanenanso kuti ndeke imacita phokoso kwa mphindi zocepa ponyamuka, kenaka kuli zii, ndipo sifuna mseu. Mseu umagwetsa mitengo ndi kubweretsa magalimoto caka conse. Ndeke ikacoka sisiya ngakhale mkukuluzi.

Pali anthu awiri amene ciletso cimawapweteka koposa. Woyamba ndi wamalonda wamng'ono. M'timatauni ta Long Lake ndi Inlet munali makampani awiri a mabanja amene ankanyamula asodzi ndi alendo kupita ku Lows Lake, ndipo ulendo umenewo unali mbali ya cakudya cao. Waciwiri ndi munthu amene miyendo kapena msana wace sumulola kusenza bwato. Mu 2010 gulu la asilikali akale olemala linasumira boma la New York, ponena kuti kutseka nyanja zakutali kwa ndeke kunali kuwamana malo amene anzao amphamvu amafikako. Mlanduwo sunatsegule nyanjazo, koma funso lao lidakali ciimire: ngati nkhalango ndi ya onse, cifukwa ninji khomo lace litsegukira anyamata okha?

CITSANZO CA KU ALASKA

Kuti tione ngati pali njira ina, tiyeni tipite ku Alaska, cigawo ca kumpoto kweni-kweni kwa dziko lomwelo. Kumeneko midzi yoposa 80 pa 100 iriyonse siinalumikizidwe ndi miseu ikulu-ikulu. Makalata, mankhwala, zakudya ndi odwala zimayenda pa ndeke, ndipo zina mwa ndekezo zimatera pamadzi. Nyanja ya Lake Hood mumzinda wa Anchorage ndiyo bwalo lotanganidwa koposa pa dziko lonse la ndeke zotere, ndipo pa tsiku pamanyamuka ndi kutera ndeke pafupi-fupi 190.

Mu 2015 udzu wacilendo wochedwa elodea unapezeka m'nyanja imeneyo. Ngozi inali yaikulu, pakuti kucokera pamenepo ndeke zimawanda ku nyanja mazana-mazana zimene muli nsomba za salmon. Komabe akulu-akulu sanathamangitse ndeke. Anathira mankhwala opha udzuwo m'madzi, ndipo oyendetsa ndeke analangizidwa kuyang'ana ndi kucotsa udzu pa timabwato tao asananyamuke, kupopa madzi olowa m'kati mwace, ndiponso kukweza ndi kutsitsa tizitsigiro ta m'madzi akangonyamuka kuti zotsalira zigwere m'nyanja yomweyo. Nchito inapitirira, ndipo udzu unalimbanidwa nao.

PHUNZIRO LACE

Makolo athu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wanzeru amayamba wamuingitsa khosweyo, mkhate nutsala wamphumphu. Phokoso lingacepetsedwe poika maola ndi masiku otera, pocepetsa maulendo, ndi popatula mbali ya nyanja imene ndeke sizifikako. Udzu ungaletsedwe poyendera ndeke monga momwe amayenderera mabwato, ndi kulanda cilolezo kwa wosamvera. Ngakhale pa Lows Lake pomwepo njira ya cilolezo inagwira nchito m'zaka zomaliza ciletso cisanayambe.

Palibe amene akunena kuti nyanja iriyonse isanduke bwalo la ndeke. Kuli malo ena, monga moswanirana mbalame kapena motungidwa madzi akumwa, amene ayenera kusiyidwa okha. Koma boma lisanatseke madzi a anthu onse, liyenera kuonetsa poyera kuti njira zina zayesedwa ndipo zalephera, ndiponso liyenera kumva mau a amene adzatsala kunja. Kulemba lamulo loletsa ndi nchito ya tsiku limodzi. Nkhalamba imene inasodza pa nyanja ina kwa zaka makumi anai ndiyo imadziwa mtengo wace.