Kombucha wa Zipatso: Zimene Zimachitika Botolo Likatsekedwa

Ife a kunyanja khalidwe la thobwa timalidziwa bwino. Lophikidwa lero ndi chakumwa cha ana ndi alendo, koma likagona masiku angapo m'nyengo yotentha limayamba kuluma lilime, ndipo mayi wanzeru amalitaya osadikira kuti wina amuuze. Chakumwa chimene tikukambirana m'kope lino chili ndi khalidwe lomwelo, ngakhale kuti kwawo ndi kutali.

Dzina lake ndi kombucha. Ameneyu ndi tiyi wothira shuga amene amasiyidwa kuti asase, ndipo wakhala akumwedwa kwa zaka zambiri ku China ndi ku Russia, kumene amamutcha bowa wa tiyi. Kunena zoona si bowa ayi. Ndi chinthu choterera chooneka ngati chitumbuwa chofewa, chimene chimayandama pamwamba pa tiyiyo, ndipo m'kati mwake mumakhala yisiti pamodzi ndi mabakiteriya. Ogulitsa amachitchula kuti SCOBY.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Pa lita imodzi ya tiyi wakuda, wa ku Thyolo kapena ku Mulanje yemweyu, timathira shuga wokwana magalamu 70 mpaka 100. Tiyiyo akazizira timaikamo chitumbuwa chija ndi theka la kapu ya kombucha wakale, kenaka timavindikira ndi kansalu koyera n'kumanga kukamwa. Pakapita masiku 7 mpaka 14 amakhala wapsa, koma ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota m'mwezi wa Okutobala musadikire masabata awiri; yambani kulawa pa tsiku lachisanu.

Tsono mvetsetsani ntchito imene imagwirika m'menemo, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Yisiti amadya shuga n'kutulutsa mpweya ndi mowa pang'ono. Mabakiteriya nawo amadya mowawo n'kuusandutsa asidi wa viniga, ndiye kuwawasa kumene timakumva. Komatu mabakiteriyawa sagwira ntchito popanda mpweya wa kunja. N'chifukwa chake timavindikira ndi nsalu osati chitsekerero.

Kombucha wosathira kanthu ambiri samukonda, makamaka ana, motero anthu amamukometsera ndi zipatso ndi zonunkhiritsa. Pamenepa ife sitisowa kanthu. Chidede chimapatsa mtundu wofiira wosiririka, jinja wosinja amalowerana bwino ndi madzi a mandimu, ndipo kamtengo ka sinamoni kamafatsitsa kuwawasa. Mango akupsa ndi chinanazi ndiye zimakoma koposa. Bwemba ndi malambe taziyesa, koma ife tinaona kuti zowawasa ziwiri zikakumana zimangochititsa mano dzanzi. Wofuna ayese pang'ono kaye.

Njira imene ambiri amaphunzitsa ndi yothira kombucha m'botolo, kuikamo zipatso, kutseka zolimba ndi kusiya pamalo ofunda masiku awiri kapena anayi kuti achite thovu ngati zakumwa za m'sitolo. Nafenso tinayamba choncho. Botolo lathu la mango linaphulika usiku m'kabati, tinadzuka tikuyesa kuti kwabwera akuba, ndipo m'mawa ntchito inali yotola magalasi. Koma choopsa chenicheni sichinali magalasiwo. Chipatso chimabweretsa shuga watsopano, yisiti amadzuka n'kuyambiranso kupanga mowa, pamene mabakiteriya aja, poti botolo latsekedwa, alibe mpweya wokwanira woti ausandutsire viniga. Mowawo umangounjikana. Thovu limene timalikondalo limabadwa limodzi ndi mowa, kuchokera kwa yisiti yemweyo, ndipo chipatso chikakhala chotsekemera kwambiri zonse ziwiri zimachuluka.

Zimenezi sizigwera ife a pakhomo tokha. M'chaka cha 2010 sitolo zikuluzikulu za Whole Foods ku America zinachotsa kombucha m'mashelefu zitadziwika kuti mabotolo ena anali ndi mowa woposa 0.5 peresenti, umene ndi malire a lamulo la kumeneko pa zakumwa zosaledzeretsa. Ngati makampani okhala ndi zipangizo zoyezera anapunthwa, nanga ife amene timayeza ndi lilime? Kombucha wa pakhomo wotsekeredwa ndi zipatso akhoza kudutsa malire amenewo kutali ndithu.

Akuluakulu a chipembedzo analankhulapo pa zakumwa zosasa. Bungwe la ma ulama la ku Indonesia, Majelis Ulama Indonesia, linagamula m'chaka cha 2018 kuti chakumwa chotere ndi halali ngati mowa wake sukufika 0.5 peresenti ndiponso sichivulaza thupi. Tikudziwanso kuchokera mu Sahih Muslim kuti Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ankamwa madzi onyikamo mphesa zouma, otchedwa nabidh, koma sankawasunga kupyola tsiku lachitatu. Amene mtima wake ukukayikabe akafunse sheikh wa pa mzikiti wake, ndipo akamufotokozere bwino lomwe za botolo lotsekedwalo, osangonena kuti ndi tiyi.

Pakhomo pathu tinasintha chonchi. Kombucha timamusiya pansi pa nsalu kufikira atawawasa mokwanira, pamene shuga wambiri watha. Tikatero timamusefa, ndipo zonunkhiritsa zopanda shuga, monga jinja, sinamoni, chidede ndi makoko a mandimu, timazinyika usiku umodzi m'firiji, poti kuzizira kumagoneka yisiti. Dziwani kuti kumangomugoneka, sikumupha. Magetsi akathima tsiku lonse iye amadzuka. Madzi a mango kapena chinanazi timathira m'kapu pa nthawi yomwa basi, ndipo zotsala sitisunga. Opanda firiji achite chimodzimodzi: chipatso chikumane ndi kombucha m'kapu, osati m'botolo. Thovu limachepa, n'zoona, ndipo ana athu anadandaula sabata yoyamba.

Chiwiya nacho chikhale chagalasi. Asidi amadya zitsulo monga aluminiyamu, ndiponso amasungunula mtovu umene umapezeka mu utoto wonyezimira wa miphika ina yadothi. Ku Australia m'chaka cha 1998 madokotala analemba za banja lina limene linadwala poizoni wa mtovu chifukwa chopangira kombucha mu mphika wotere. Mukaona chuku chobiriwira kapena chakuda pamwamba, tayani zonse pamodzi ndi chitumbuwacho, musachite chisoni. Amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi odwala amene chitetezo cha m'thupi chinatsika ndi bwino asamwe, ndipo kwa ena tonse theka la kapu pa tsiku ndi poyambira pokwanira.