Pulojekiti ikatha, gulu lanu lidzagulitsa kwa ndani?

Nyengo yokolola ikafika, sikelo za mavenda zimapachikidwa pansi pa mtengo uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Mlimi amabwera ndi thumba limodzi la soya panjinga, fizi ya mwana ikudikira, ndipo mtengo umene wogula wanena ndi womwewo. Unduna wa zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma amene wanyamula thumba limodzi alibe mphamvu yokana. Akakana, abwerera nalo kunyumba.

Apa ndi pamene mabungwe othandiza pachitukuko akhala akuikapo ndalama zawo kwa zaka pafupifupi 30. Mfundo yawo ndi yakuti umphawi wa kumudzi sungathe ndi kukolola zambiri kokha ngati mlimi akugulitsabe yekhayekha, choncho amagwira ntchito ndi makalabu, makopaletivu ndi mabungwe a alimi. Ena mwa magulu amenewa alimba, ena anafa tsiku limene galimoto ya pulojekiti inasiya kubwera. Sabata ino tione chimene chimasiyanitsa magulu awiriwa.

Tiyambe ndi masamu. Tiyerekeze kuti venda akugula soya pa K800 pa kilogalamu, pomwe fakitale yoyenga mafuta ku Lilongwe ikugula pa K1,100. Kusiyana kwake ndi K300, kapena K15,000 pa thumba la makilogalamu 50. Fakitale sigula thumba limodzi, imafuna thiraki yodzaza. Alimi 60 atasonkhanitsa matumba 10 aliyense, akwanitsa matumba 600, omwe ndi matani 30, ndipo kusiyana kuja kwafika K9 miliyoni. Tichotsepo K3 miliyoni ya mayendedwe, matumba ndi posungira. Yotsala ndi K6 miliyoni, kutanthauza K100,000 yoonjezera kwa mlimi aliyense. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, koma njira yowerengera ndi imeneyi, ndipo gulu lililonse liyenera kuchita masamu otere lisanalembe ganyu thiraki.

Chitsanzo chodziwika bwino m'dziko muno ndi bungwe la NASFAM. Linachokera mu pulojekiti yomwe bungwe la USAID linathandiza ndi ndalama pakati pa zaka za m'ma 1990, nthawi imene alimi ang'onoang'ono anali atangololedwa kumene kulima fodya wa bale, yemwe kale ankalimidwa m'maesiteti mokha. Vuto la alimiwo silinali kumunda. Mabelo awo ankachedwa kufika ku okushoni ndipo eni magalimoto ankawadyera masuku pamutu. Atayamba kupangana ndi onyamula katundu ngati gulu komanso kugula feteleza pamodzi, mtengo unatsika. Mu 1997 magulu amenewa anapanga NASFAM, yomwe lero ili ndi mamembala oposa 100,000 ndipo imagulitsa mpunga wa Kilombero ndi mtedza m'masitolo. Chofunika kuona apa n'chakuti alimi anali ndi malonda kale. Thandizo linabwera kudzachotsa chopinga chimene iwo ankachidziwa bwino.

Ku Mchinji phunziro lake ndi la ubwino wa mbewu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Malawi ankatumiza mtedza wambiri ku Ulaya, koma msikawo unatayika, mwa zina chifukwa cha chuku. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji wokhala ndi poizoni wa chuku woposa magawo 4 pa biliyoni. Bungwe la alimi la MASFA, mothandizana ndi NASFAM, akatswiri a ICRISAT ku Chitedze ndi bungwe la Twin la ku Britain, linayamba kuyeza mtedza ndi kuphunzitsa alimi kuumitsa bwino komanso kusiya chizolowezi chowaza madzi pamtedza pofuna kuti usendeke mosavuta. Mu 2004 MASFA inalandira chiphaso cha Fairtrade ndipo mtedza wa ku Mchinji unafika m'masitolo a ku Britain. Mlimi mmodzi sakanatha kulipira zoyezera kapena chiphaso chotere. Komanso mlimi mmodzi wosasamala akhoza kuonongetsa katundu wa gulu lonse.

Bungwe la WFP linayesa njira ina kuyambira mu 2008 kudzera mu ndondomeko ya Purchase for Progress, ndipo Malawi anali mmodzi mwa mayiko oyamba. M'malo mogula chimanga ndi nyemba kwa makampani akuluakulu okha, linayamba kugulanso kwa magulu a alimi, kwina kudzera pamsika wa ACE. Msika womwewu unabweretsa njira yoti mlimi asungitse mbewu m'nyumba yovomerezeka, alandire lisiti, ndipo lisitiyo ikhale chikole chotengera ngongole podikira kuti mitengo ikwere. Koma chenjezo lilipo. Kusungitsa kumalipiridwa, ngongole ili ndi chiwongoladzanja, ndipo si chaka chilichonse chimene mitengo imakwera. Alimi a nandolo akukumbukira mmene mtengo unagwera mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kumeneko.

Posachedwapa dzina limene lamveka kwambiri ndi AGCOM, pulojekiti ya boma yomwe gawo lake loyamba linalandira madola 95 miliyoni kuchokera ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Malamulo ake anali osiyana ndi zimene tinazolowera. Gulu linkayenera kupeza kaye wogula wodalirika, kulemba ndondomeko ya bizinesi ndi kusonkha gawo lake, K30 pa K100 iliyonse, mbali ina ndalama, mbali ina zinthu monga njerwa ndi ntchito ya manja. Ena ankadandaula kuti gawolo ndi lalikulu kwa osauka, ndipo dandaulolo n'lomveka. Komabe thalakitala imene mwasonkherapo simuilola kuti igone panja.

Nanga magulu amafa bwanji? Ndakhala ndikuona m'maulendo anga nyumba zosungiramo mbewu zokongola, chikwangwani cha amene anathandiza chidakali pakhomo, koma mkati muli mileme yokha. Kawirikawiri zifukwa zake n'zitatu. Choyamba, gulu linapangidwa chifukwa kunamveka kuti kukubwera thandizo, ndiye thandizo litatha panalibe china chogwirizanitsa anthu. Chachiwiri ndi kugulitsa kumbali. Venda amalipira pompopompo pomwe gulu limadikira masabata angapo, ndiye mamembala amazembetsa matumba usiku, thiraki ya wogula n'kubwerera yosadzaza. Wogula wotere sabweranso. Chachitatu ndi mabuku a ndalama amene amawadziwa wapampando ndi msungichuma okha.

Tsono ngati bungwe lina labwera m'dera lanu ndi pulojekiti, musathamangire kuomba m'manja. Funsani kuti pulojekitiyo itha liti, ndipo ikatha katundu adzakhala wa ndani. Funsani dzina la wogula, ndipo mgwirizano ukhale wolembedwa, wonena kuchuluka kwa katundu, giredi, mtengo kapena njira yopezera mtengo, amene alipire mayendedwe ndi tsiku lolandira ndalama. Musalole makina amene gulu silingathe kugulira mafuta, magetsi ndi zipangizo zosinthira ndi ndalama zake.

Kumbali yanu, lembetsani gulu kwa mlembi wa makopaletivu kuti muzitha kutsegula akaunti ku banki ndi kusaina mgwirizano m'dzina la gulu. Gulani masheya chaka chilichonse, ngakhale pang'ono, kuti pakhale thumba lolipira membala gawo la ndalama zake tsiku limene wabweretsa mbewu. Imeneyi ndiyo njira yeniyeni yothetsera kugulitsa kumbali, chifukwa amene amagulitsa kwa venda nthawi zambiri si wosakhulupirika, ali ndi wodwala kunyumba. Sikelo yanu ikhale yoyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, aliyense azilandira lisiti, ndipo mabuku aziwerengedwa pamsonkhano wa onse. Amayi ndi achinyamata akhale m'komiti yokambirana mitengo, asamangoitanidwa kudzasankha mtedza.

Mutu umodzi susenza denga, koma dengalo likakwera, eni nyumba ndiwo amalifolera chaka ndi chaka. Mabungwe othandiza amagwira ntchito zaka zowerengeka, kenako amapita kwina. Msonkhano wa gulu lanu ukachitika mwezi uno, ikani funso ili poyamba: pakanapanda pulojekiti, tikanagulitsa matumba angati chaka chino, kwa ndani, ndipo pa mtengo wanji? Yankho lake lilembeni m'buku, mudzaliyerekeze ndi la chaka chamawa.