Dzino lowola ku Rufunsa: pamene Flagyl athandiza ndi pamene sathandiza

Dzino likayamba kuwawa usiku kwa Shikabeta kapena ku Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, cipatala cimakhala kutali. Cimene cili pafupi ndi kantemba, kapena mnansi amene anasunga mapilisi otsala. Munthu amameza makapisozi a amoxicillin pamodzi ndi Flagyl, ululu ucepako masiku angapo, ndipo aganiza kuti wacira. Koma dzino lija likali lowola, ndipo mafinya akali pa muzu wake.

M'kamwa mwa munthu aliyense mumakhala mitundu mazana ambiri ya mabakiteriya. Ena mwa iwo sagwirizana ndi mpweya wa okosijeni, motero amabisala kunsi kwa usinini ndi m'kati mwa mano obooka. Kuwola kukafika pa mtsempha wa dzino, mtsemphawo umafa ndipo magazi amaleka kuyendamo. Malo otere ndiwo amene tizilombo monga Prevotella ndi Fusobacterium timaswanamo. Ndito timacititsa mafinya onunkha amene odwala ambiri amawadziwa bwino.

Flagyl, amene dzina lake lenileni ndi metronidazole, ndi mdani wamkulu wa tizilombo timeneti. Mankhwalawa amayamba kugwira nchito pokhapokha akalowa m'kacilombo kokhala mopanda mpweya, ndipo amakaononga ali m'kati mwake. Mphamvu imeneyi inadziwika mwamwayi. Anapangidwa ku France kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti aziciritsa matenda ena a kumaliseche, koma mu 1962 dokotala wina dzina lake Shinn analemba m'magazini ya The Lancet kuti mai amene anali kumwa mankhwalawa anapolanso zilonda za usinini. Popeza Flagyl sakhudza tizilombo tokonda mpweya, madokotala nthawi zina amamupereka pamodzi ndi amoxicillin.

Vuto lagona pa njira imene mankhwala amayendera. Pilisi likamezedwa limafika pa malo odwala kudzera m'magazi, ndipo m'dzino lakufa mulibe magazi. Mankhwala angathe kucepetsa kutupa kwa m'mbali, koma cisa ca tizilombo sacifikira. Cimene cimaciritsa ndi dzanja la dokotala wa mano: kuboola cotupa kuti mafinya atuluke, kuyeretsa muzu, kapena kuzula dzinolo. N'cifukwa cake malangizo amene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2022 amanena kuti matenda ambiri a mano safuna maantibayotiki. Dzino longowawa lifuna mankhwala ocepetsa ululu monga Panadol, ndiponso ulendo wa kucipatala.

Ilipo nthawi imene maantibayotiki amapulumutsa moyo. Ndi pamene kutupa kwafalikira ku tsaya, kunsi kwa diso kapena m'khosi, thupi latentha, ndipo kukamwa kukukanika kutseguka. Odwala shuga ndiponso amene citetezo ca m'thupi cinafooka ali pangozi yoposa. Coopsa kwambiri ndi kutupa kwa kunsi kwa lilime, kumene kawirikawiri kumacokera ku mano a kumbuyo a m'munsi. Dokotala wa ku Germany, Wilhelm von Ludwig, anakufotokoza mu 1836. Lilime limakankhidwira m'mwamba ndi kutseka njira ya mpweya, ndipo munthu angathe kufa m'masiku owerengeka. Wodwala amene akulephera kumeza mate kapena kupuma bwino sayenera kudikira kuti kuce. Afunika kufika msanga pa cipatala ca St. Luke's kwa Mpanshya, pakuti ngati matenda akula, ulendo wotsatira ndi wa ku UTH mu Lusaka, makilomita oposa 150 pa mseu wa Great East.

Amene wapatsidwa Flagyl ayenera kupewa mowa wa mtundu uliwonse, kaya Chibuku kaya kacasu, mpaka patapita masiku awiri atatsiriza mankhwala, cifukwa zingabweretse kusanza, mutu ndi kugunda kwa mtima. Kulawa ngati citsulo m'kamwa kumacitika kawirikawiri ndipo si koopsa. Amai apakati, ndiponso amene anatulukapo ziwengo atamwa penicillin, auze dokotala asanalandire ciliconse.

Palinso mtengo wina umene boma lonse limalipira. Kumwa maantibayotiki popanda cifukwa kumazoloweretsa tizilombo mpaka mankhwala aleka kutipha. Kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni padziko lonse anafa ndi tizilombo tosamva mankhwala. Dziko la Zambia linakhazikitsa dongosolo lolimbana ndi vutoli mu 2017, ndipo bungwe la ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, ndilo liyang'anira kagulitsidwe ka mankhwala. Amoxicillin ndi Flagyl ali m'gulu la mankhwala ofuna kalata ya dokotala, ndipo kantemba alibe cilolezo cowagulitsa.