Chala chachikulu chikayamba kubaba pansi, osathamangira Brufen chabe

Yesani kutsegula botolo, kupotola kiyi ya padlock olo kumanga batani ya shati osasebenzesa chala chachikulu. Muzaona kuti ni nkhondo. Manje ganizani amayi anu olo anzanu a ku saluni amene chala ichi chimawababa pansi, pafupi na pomangira nkoloko, nthawi zonse akafinya zovala olo kuluka tsitsi. Si ulesi, ndipo palibe wawalodza. Kambiri ni matenda ya joint, osteoarthritis.

Nkhani ili so. Chala chachikulu chinakhala pa kafupa kang'ono kochedwa trapezium, monga munthu pa chishalo cha njinga. Chimene chimachigwira kuti chisaterereke ni tumitsempha tolimba, ma ligament. Tukafooka na ukalamba olo na ngozi yakale, fupa imayamba kugwedezeka na kudya chichereche, kaja koterera kamene kamaphimba mafupa. Kakatha, fupa ikhuzana na fupa inzake.

Ndipo katundu ni wolema: mukatsina chinthu na mphamvu ya 1 kg, joint iyi imanyamula pafupifupi 12 kg. Vutoli limakonda azimayi kupambana amuna, maka-maka opitirira zaka 40. Koma na imwe achinyamata, mukathyoka olo kubinya chala ku bola olo ku nchito, chionetseni ku kiliniki, chifukwa ngozi ya lero ingabweretse matendawa kutsogolo.

Zizindikiro zake: kubaba potsina, kutupa, kumva kukhuzana mukati, zinthu kupulumuka m'manja, pambuyo pake kachotupa kolimba pansi pa chala.

Chichereche chikadyeka sichimera futi, koma kubaba kungachepe maningi. Valani splint yogwira chala, nyamulani chigubu na manja onse awiri, kulungani nsalu pa chogwirira cha mpeni olo mthiko kuti chikule, ndipo pumulani pakati pa nchito. Madzi ofunda amathandiza, chimodzimodzi diclofenac yodzola. Koma kumwa Brufen tsiku na tsiku kungaononge chifu na impso.

Ngati papita masabata chikali kubaba, yambirani ku kiliniki ya mu komboni. Angakutumizeni ku X-ray na physiotherapy. Zikakanga kuli nyeleti ya mu joint, olo opaleshoni yochotsa kafupa kaja. Manja ndiye kapito yanu, osayembekeza mpaka alephere kugwira na kapu ya tiyi.