Phala la Mwana la M'mawa

Inu amai a m'makomboni a kumigodi ndi m'matauni, cherani khutu. Kamimba ka mwana wa caka cimodzi sikalandira zoposa kapu imodzi. Mukadzaza kapuyo ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera, mwana akhuta madzi, koma thupi lace ligona ndi njala. Umo ndimo muyambira kwashiorkor, nthenda yotupitsa miyendo ndi kufiiritsa tsitsi, imene Dokotala Cicely Williams anailongosola ku Gold Coast m'caka ca 1933.

Tengani ufa wa mgaiwa, pakuti zolimbitsa thupi zambiri zicoka ndi gaga pokonola. Pa masupuni awiri a ufa thirani supuni imodzi ya nsinjiro. Mtedza wacuku tayani osaumva cisoni, popeza uononga ciwindi. Phalalo liwire kufikira fungo la ufa wauwisi litatha, ndipo likhale lolimba, losakhuthuka msanga pasupuni. Likalimbitsa musaonjeze madzi ai. Kaufa pang'ono ka cimera kalifewetsa, ndipo muliwiritsenso.

Mwana adyere m'mbale yaceyace, inu muli pompo. Akadyera pamodzi ndi akulu ace, iwo amtsirizira iye asanameze kawiri.