Lita Imodzi Ikufikitsani Pati?

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, alimi ambiri amene akolola bwino soya, mtedza kapena chimanga amathamangira kukagula njinga yamoto. Wogulitsa amawatsimikizira kuti njingayo simwa mafuta, ndipo amatchula makilomita ambiri pa lita imodzi ya petulo. Pakapita mwezi, mlimi amadabwa kuona thanki ikuphwa msanga. Ena amayamba kukayikira makaniko, ena mwana amene anamutuma kumsika. Komatu nthawi zambiri palibe amene waba. Nambala ya m'kabuku ka njinga siyesedwa pa msewu wa kumunda kwanu.

Mu 1983 kampani ya Honda ku Japan inalengeza kuti kanjinga kake ka Super Cub 50 kangayende makilomita 180 pa lita imodzi. Muyeso umenewo unatengedwa pa msewu wosalala, wopanda chitunda, woyendetsa ali yekha, pa liwiro losasintha la makilomita 30 pa ola. Palibe mlimi amene amayenda motero. Ku Ulaya nako kusiyana kwa nambala za opanga magalimoto ndi zimene oyendetsa ankaona kunakula, mpaka mu 2017 anayamba kuyesa ndi njira yatsopano yotchedwa WLTP. Ngati zili choncho pa misewu ya phula, nanga bwanji pa mchenga ndi matope a kwathu kuno?

Zimene zimatha mafuta n'zodziwika. Choyamba ndi katundu ndi msewu: matumba awiri a fataleza pa chitunda amakakamiza injini kukoka pa giya yaing'ono kwa nthawi yaitali. Chachiwiri ndi liwiro. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu ya mphepo yokankha njinga imawirikiza kanayi, motero wothamanga amalipira mphepo. Chachitatu ndi chisamaliro. Fumbi la miyezi ya August mpaka October limatseka sefa ya mpweya, ndipo pa njinga za kabureta injini ikasowa mpweya imamwa petulo wochuluka. Matayala ochepa mpweya, tcheni chouma, mabuleki ogwira ndi pulagi yotha, chilichonse chimadyako pang'ono. Kusiya injini ikulira pamene mukucheza pachigayo nakonso n'kuwotcha ndalama musanasunthe.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Yesani nokha. Dzazani thanki pa pampu mpaka pakhosi, ndipo lembani nambala imene ili pa mita ya makilomita. Yendani maulendo anu a masiku onse, ndi katundu amene mumanyamula. Mukadzazanso mpaka pamalo omwe aja, lembani malita amene alowa ndi nambala yatsopano ya pa mita. Gawani makilomita ndi malita. Mwachitsanzo, ngati mwayenda makilomita 210 ndipo mwathira malita 6, njinga yanu ikuyenda makilomita 35 pa lita. Chitani zimenezi katatu, m'chilimwe ndi m'dzinja momwe, chifukwa matope amasintha nambala. Poyesa musagwiritse ntchito petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, pakuti si botolo lililonse limene limakwana lita.

Mukadziwa nambala yanu, funso lenileni la mlimi ndi ili: thumba limodzi lafika kumsika ndi mafuta ochuluka bwanji? Tiyerekeze kuti depoti ya FRA ili pa mtunda wa makilomita 20, kupita ndi kubwera 40. Njinga yoyenda makilomita 35 pa lita idzatha lita imodzi ndi pang'ono, itanyamula matumba awiri a makilogalamu 50. Thumba lililonse ladya kupitirira theka la lita. Tsopano tiyerekeze kalole ka matani awiri, monga Canter, kamene kakuyenda makilomita 8 okha pa lita ya dizilo. Kadzatha malita 5, koma kanyamula matumba 40, kutanthauza kuti lita imodzi yafikitsa matumba 8. Chimene chimaoneka chomwa kwambiri ndicho chotsika mtengo pa thumba, malinga ngati chadzaza. Kuti njinga ifikitse matumba 40 amenewo, iyenera kuyenda maulendo 20, makilomita 800, ndi malita oposa 22, osawerengera matayala, tcheni, nthawi yanu ndi ngozi ya mabuleki olemedwa. N'chifukwa chake alimi oyandikana amapindula akasonkhana kubwereka galimoto imodzi. Pa mtunda waufupi, ngolo ya ng'ombe ikadali yosagonjetseka.

Izi sizikutanthauza kuti njinga yamoto ndi yachabe. Ili ndi ntchito yake: kukaitana alangizi a ziweto ng'ombe ikadwala, kuthamangitsa ndiwo zamasamba ndi mazira kumsika zisanawonongeke, kukafunsa mitengo musanakweze katundu. Pa ulendo wa munthu mmodzi ndi katundu wopepuka, palibe galimoto ingapikisane nayo.

Pomaliza, lembani malita, osati makwacha okha. Dziko lathu silikumba mafuta. Dizilo wambiri amabwera m'paipi ya TAZAMA, makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo mitengo imene bungwe la Energy Regulation Board limalengeza imatsatira msika wa kunja ndi mphamvu ya kwacha. Mtengo wa pa pampu simungausinthe, koma malita ali m'manja mwanu. Tsegulani tsamba la mafuta m'buku lanu la munda, pafupi ndi la mbewu ndi fataleza. Tsiku limene nambala yanu idzatsike kuchoka pa 35 kufika pa 28 msewu ndi katundu zili zomwezo, mudzadziwa kuti njinga ikufuna makaniko, phindu la munda lisanathere m'thanki.