Mita ya Magetsi ndi Mphamvu ya Dzuwa: Zimene Banja Liyenera Kudziwa

Ife okhala ku Liwonde timaona ndi maso athu madzi amene amaunikira dziko lino. Pa mlatho wa Kamuzu Barrage, umene unamangidwa m'chaka cha 1965, pali zitseko zimene amatsekula kapena kutseka poyendetsa madzi a mtsinje wa Shire. Madziwo amakazunguza makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mphamvu yake imabwerera kwa ife pa mawaya. Madzi akachepa m'nyanja, monga zinachitikira m'zaka za 2016 ndi 2017, ana athu amawerengera pa kandulo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la ku Kapichira, ndipo dziko linasowa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Shire naye sangathe kusenza yekha katundu wa dziko lonse, ndipo tsopano dzuwa layamba kumuthandiza. Mu Novembala 2021 kampani ya JCM Power inatsekula munda waukulu wa mapanelo a sola ku Nanjoka m'boma la Salima, wopereka mamegawati 60. M'chaka cha 2022 inatsekulanso wina wa mamegawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza, wokhala ndi mabatire osungira mphamvu. Magetsi amenewa amagulidwa ndi ESCOM ndi kulowa m'mawaya omwe aja amene amafika ku Balaka, ku Liwonde ndi ku Machinga.

Mita ya pakhomo pathu sisiyanitsa magetsi ochokera ku mtsinje ndi ochokera ku dzuwa. Ntchito yake ndi imodzi: kuwerenga mayunitsi. Yunitsi imodzi ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya m'ola limodzi. Kotero nsimbi kapena mbaula ya mawati 1,000 imamaliza yunitsi m'ola limodzi, pamene babu la mawati 10 limayaka maola 100 pa yunitsi yomweyo. Makolo ambiri timakalipira ana chifukwa cha nyali, koma chotithera ndalama kwenikweni ndicho kuphika nyemba ndi kutenthetsa madzi osamba.

Tikagula mayunitsi pa foni ndi kulowetsa manambala 20 aja, tisaiwale mita mpaka italira. Tipatseni mwana mmodzi kope, alembe madzulo alionse mayunitsi otsala kwa sabata yathunthu, pamodzi ndi ntchito zimene zinachitika tsikulo. Mwanayo adzaphunzira masamu ochotsera, ndipo banja lidzadziwa kumene ndalama zikupita.

Tsopano mabanja ena, sukulu ndi mipingo akuganiza zoika mapanelo pa denga. Tidziwe kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi sola yoima payokha, ya panelo ndi batire, yosakhudzana ndi mawaya a ESCOM. Yachiwiri ndi sola yolumikizidwa ku mawayawo kupyolera m'makina otchedwa inveta, amene amasandutsa mphamvu ya mapanelo kuti ifanane ndi magetsi a m'nyumba. Tisanatulutse ndalama pa njira yachiwiriyi, pali zinthu zitatu zoyenera kuzimvetsa.

Choyamba, inveta yolumikizidwa ku mawaya, ngati ilibe batire, imazima magetsi a ESCOM akazima, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kumeneku si kuonongeka ayi. Anaipanga dala motero, kuti isatumize mphamvu m'waya umene mmisiri akukonza pa mtengo poganiza kuti ndi wozima. Mmisiri ameneyo ndi bambo wa ana ena. Wofuna kuunika nthawi ya mdima ayenera kugula inveta yogwira ntchito ndi mabatire.

Chachiwiri, mita wamba inapangidwa kuti iwerenge magetsi olowa m'nyumba okha. Mapanelo akapanga mphamvu yoposa imene banja likugwiritsa ntchito, yotsalayo imatuluka kupita m'mawaya, ndipo mita zina zimaiwerenga ngati kuti taidya, nkudula mayunitsi athu. Kuti munthu apindule ndi mphamvu yotsala pamafunika mita yowerenga mbali zonse ziwiri, ndiponso pangano ndi ogulitsa magetsi. Ku Cape Town, m'dziko la South Africa, khonsolo ya mzinda imagula magetsi otsala kwa eni nyumba amene ali ndi mita zotere.

Chachitatu, tisalumikize kanthu ku mawaya tisanafunse ku ofesi ya ESCOM, ndipo ntchitoyo tipatse mmisiri wokhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA. Akulu a mpingo amene asunga zopereka za Akhristu afunse mafunso amenewa asanavomereze kugula sola ya tchalitchi kapena ya nyumba ya abusa.

Pomaliza, tinene mosabisa za yesero limene lalowa m'makomo ena: kulambalalitsa waya kuti mita isawerenge. Ena amati ndi nzeru, koma ndi kuba, ndipo waya wolumikiza mobisa ukhoza kutentha nyumba ana ali m'tulo. Buku la Miyambo, pa mutu 11, limadzudzula chinyengo pa miyeso. Mita ndi muyeso pakati pa ife ndi anzathu onse amene amalipira. Mwana amene waona atate ake akunyenga mita sadzamva tikamamuphunzitsa lamulo lachisanu ndi chitatu ku Sande Sukulu.

Inu achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, limbikirani masamu ndi sayansi, pakuti dziko likufuna amisiri okhulupirika a ntchito imeneyi. Mulungu anatipatsa mtsinje ndi dzuwa kwaulere. Kwa ife kwatsala kuzigwiritsa ntchito mwanzeru ndi kulipira moona mtima.